Sabata imodzi yosankha, zaka zinayi zosenza

Dzuwa langotuluka kumene, nkhungu ikadali pa phiri la Zomba, koma pakhonde la maofesi a aphunzitsi ku Chirunga, pa University of Malawi, anthu adzaza kale.

Ambiri mwa iwo ndi alendo, ndipo sachita kufunsa. Nsapato n'zatsopano, envulopu ya khaki aipanira m'khwapa, ndipo kapepala kalikonse komata pachitseko akukawerenga mpaka pansi.

Awa ndi mayaro, ophunzira a chaka choyamba.

Mtsikana wina waima pafupi ndi bolodi la zidziwitso. Dzanja lamanzere lagwira foni yong'aluka galasi, lamanja cholembera. Papepala lake pali maphunziro atatu olembedwa bwinobwino. Mzere wachinayi ndiwo wavuta. Analembapo Chifalansa, n'kufufuta. Analembanso, n'kufufutanso. Pepala latsala pang'ono kubooka.

Mnyamata wa chaka chachitatu wasuzumira paphewa pake. Sakumudziwa, sanamufunse kumene wachokera, ngakhale chimene akufuna kudzachita akamaliza. Koma malangizo ali nawo kale pamlomo: Chifalansa achisiye, anthu amagwa nacho, atenge phunziro lakutilakuti, mphunzitsi wake saumira malikisi.

Mtsikanayo wagwedeza mutu. Walemba dzina la phunziro limene mpaka dzulo sankadziwa kuti liliko.

Mphindi zisanu sizinakwane.

Umu ndi mmene achinyamata ambiri amasankhira katundu amene adzamusenze zaka zinayi, ndipo ena moyo wawo wonse.

Mwana wa ku Malawi amakula akusankhiridwa. Sekondale imene adzapite amamusankhira. Maphunziro amene adzalembe pa MSCE nthawi zambiri amatengera aphunzitsi amene alipo pasukulupo. Akakhoza, amalemba mapologalamu amene akufuna, koma mawu omaliza amachokera ku ndondomeko imene imayendetsedwa ndi National Council for Higher Education mogwirizana ndi mayunivesite a boma. Alipo ambiri amene ankalota za malamulo kapena zachuma, n'kupeza dzina lawo lili pa uphunzitsi kapena pa Humanities.

Kenako, mwadzidzidzi, sabata yoyamba ya koleji, munthu yemweyo akuuzidwa kuti: sankha wekha.

Amene apita ku udokotala kapena uinjiniya vuto limeneli siliwakhudza kwenikweni, poti njira yawo ndi yolambula kale. Koma m'mapologalamu ngati a uphunzitsi, Humanities ndi Social Science, wophunzira amapatsidwa maphunziro ochepa okakamiza, ena onsewo n'kutola yekha. Ndipo zimene watola chaka choyamba ndizo zimamutsekulira kapena kumutsekera phunziro limene adzazamepo m'zaka zomaliza. Kozi ya chaka chachiwiri imafuna kuti unakhoza inzake ya chaka choyamba. Ya chaka chachitatu imafuna ya chachiwiri. Ukadumpha poyambira, kubwerera m'mbuyo n'kutaya chaka.

Mayaro ambiri zimenezi amazizindikira mochedwa.

Kwawo n'kosathandiza kwenikweni. Ambiri ndi oyamba m'banja mwawo kuponda pa yunivesite. Makolo anagulitsa mbuzi kapena matumba a chimanga, anamuperekeza pa depoti, anamulangiza za mowa ndi zibwenzi. Za kusiyana kwa Philosophy ndi Linguistics sangazidziwe, ndipo palibe angawadzudzule.

Choncho mlangizi amakhala konti, wophunzira amene wakhalapo kale.

Akuluakulu amati safunsa anadya phula. N'zoona. Koma nayenso wofunsa munthu amene akungofuna kupulumuka mayeso amalandira malangizo a kupulumuka basi. M'mahositelo, m'zipinda za lendi ku Chikanda, m'magulu a WhatsApp amene amatsekulidwa mayina akangotuluka, nkhani imakhala imodzi: kodi phunziro ili lili ndi sapu zingati, mphunzitsi uja ndi wouma mtima kapena ayi, ndani anawididwa chaka chatha.

Mantha amenewa si ongopeka. Kulephera phunziro limodzi kumatanthauza sapu, kulembanso mayeso anzako ali patchuthi. Kulephera angapo ndi kubwereza chaka, kapena kuwididwa, kubwezedwa kumudzi. Kwa mwana amene akuphunzira ndi ngongole ya boma, amene lendi yake akulipira ndi achimwene ogwira maganyu ku Johannesburg, kuwididwa ndi maliro a banja lonse. Sindingamunyoze akamasankha mosamala.

Chomvetsa chisoni n'chakuti pa kusamala kumeneko, phunziro loyamba kufufutidwa limakhala la chilankhulo.

Chingerezi chinatseka pakhomo

Chiyambi chake n'chakale. Mu 1968 boma linakhazikitsa Chichewa kukhala chilankhulo cha fuko, Chingerezi n'kukhala cha m'maofesi ndi m'maphunziro apamwamba. Mpaka lero, wolephera Chingerezi pa MSCE salandira satifiketi ngakhale masamu ndi sayansi atakhoza motani. Wofuna malo ku yunivesite ya boma amayenera kukhala ndi makirediti asanu ndi limodzi, Chingerezi chili pomwepo. Lamulo la maphunziro la 2013 linalimbitsanso zimenezi ponena kuti Chingerezi ndicho chophunzitsira m'sukulu.

Akafika ku koleji amakumananso nacho. Phunziro la luso la chilankhulo ndi kulemba, limene ku Chirunga amangoti LAN, ndi lokakamiza kwa mayaro. N'lofunika, poti ambiri amafika asanalembepo nkhani ya masamba asanu yokhala ndi umboni.

Koma zotsatira zake n'zakuti mwana amafika zaka 18 akukhulupirira kuti chilankhulo cha sukulu ndi chimodzi, ndipo anachigonjetsa kale movutikira. Wina akamuuza kuti ayambenso china kuchokera pa moni, amaona ngati chilango.

Palinso kusiyana kumene sitikonda kukutchula.

Chifalansa chilipo pa mndandanda wa maphunziro a MSCE, koma chimaphunzitsidwa m'sukulu zochepa: zina za boma zogonera konko, zina za mishoni, ndi zapulayiveti za anthu opeza bwino. Ku Kamuzu Academy, imene inatsekulidwa mu 1981 ku Mtunthama m'boma la Kasungu, ana akhala akuphunzira Chilatini ndi Chigiriki chiyambire. Pomwe mwana wa ku CDSS ya kumudzi mwina sanamvepo mawu amodzi a Chifalansa akutuluka m'kamwa mwa munthu.

Awiriwa akakumana pakhomo la dipatimenti imodzi, mmodzi amalowa akumwetulira, winayo amabwerera asanagogode.

Amabwerera asanafunse n'komwe ngati pali kalasi ya oyamba kumene.

Kuti chilankhulo chimafuna nthawi, zimenezo n'zosabisa. Sukulu ya boma la America yophunzitsa akazembe, Foreign Service Institute, inawerengera kuti munthu wodziwa Chingerezi amafunika maola a m'kalasi pakati pa 600 ndi 750 kuti agwiritse ntchito Chifalansa kapena Chipwitikizi muofesi. Chiswahili anachiika pa maola pafupifupi 900. Chitchaina ndi Chiarabu ndi maola 2,200.

Tsono tiyeni tiwerengere. Kalasi ikamakumana maola anayi pa sabata kwa masabata 14, semesita yonse ndi maola 56 okha.

Apa m'pamene pagona nkhani. Maphunziro ena munthu angathe kuwachezera usiku wa mayeso ndi kapu ya khofi, m'mawa n'kukalavula zimene waloweza. Chilankhulo chili ngati mpiru wa kudimba: madzi a mwezi wonse sungawathire tsiku limodzi. Chimafuna theka la ola lero, theka la ola mawa, mpaka lilime lizolowere. Ndiye chifukwa chake woyamba chaka choyamba amatuluka akulankhula, pomwe wodzidzimuka chaka chachinayi amatuluka ndi moni yekha.

Ndi chifukwa chakenso sabata yoyamba ili yolemera kuposa mmene imaonekera.

Tayang'anani mapu

Dziko lathu lilibe nyanja yamchere. Katundu wathu amalowera ndi kutulukira m'madoko a anzathu, ndipo anzathuwo salankhula Chingerezi pamsewu.

Kum'mwera konse, kuyambira ku Dedza kuzungulira ku Nsanje mpaka ku Mangochi, tazingidwa ndi Mozambique. Lole ikangodutsa pa Mwanza n'kufika pa Zobue, zikwangwani zimasintha, mafomu amasintha, wapolisi wa pamsewu wa ku Tete amafunsa m'Chipwitikizi. Njanji yodutsa pa Nayuchi imakathera ku Nacala. Feteleza ndi mafuta ena amadzera ku Beira. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1990 tinasunga anthu oposa miliyoni imodzi othawa nkhondo ya kumeneko. Ubale ulipo, wa magazi ndi wa malonda. Koma funsani m'kalasi la omaliza digiri kuti ndani angawerenge kalata ya mgwirizano yolembedwa m'Chipwitikizi. Manja adzakhala owerengeka.

Kumpoto nkhani ndi yomweyo. Matanki a mafuta ndi galimoto zogula kunja zimachokera ku Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe. Amayi a geni amene amakapikula nsalu ndi nsapato ku Kariakoo anaphunzira Chiswahili popanda bolodi kapena choko. Amanenerera mtengo, amakangana ndi kondakitala, amafunsa njira. Iwowa anaona kale chimene ophunzira ambiri sanachione.

Koma Chiswahili cha pamsika chili ndi malire ake. Katundu akagwidwa pa kasitomu, dalaivala akatsekeredwa, nkhani ikafika kukhoti, pamafunika munthu wodziwa kuwerenga ndi kulemba chilankhulocho mozama. Munthu ameneyo amayenera kuchokera m'makoleji mwathu.

Sipafunikanso kudumpha malire. Ku Dzaleka m'boma la Dowa, msasa wa anthu othawa kwawo umene unatsekulidwa mu 1994, kuli anthu oposa 50,000, ambiri ochokera ku Democratic Republic of Congo, Burundi ndi Rwanda. Mukayenda m'tinjira ta kumeneko mumva Chiswahili, Chifalansa, Kirundi ndi Kinyarwanda. Namwino, loya, mphunzitsi kapena wogwira ntchito zothandiza anthu amene amamva chimodzi mwa zilankhulozi amagwira ntchito yake mwachindunji, wodwala n'kufotokoza ululu wake popanda munthu wachitatu pakati.

Asilikali athu nawo akhala akutumikira kum'mawa kwa Congo pansi pa United Nations kuyambira mu 2013. Anthu amene amawateteza kumeneko amalankhula Chiswahili ndi Chifalansa.

Ndiye pali maofesi akuluakulu. Ku likulu la United Nations, zilankhulo zogwirira ntchito tsiku ndi tsiku ndi ziwiri, Chingerezi ndi Chifalansa. COMESA, imene likulu lake lili pafupi pompa ku Lusaka, imagwiritsa ntchito Chingerezi, Chifalansa ndi Chiarabu. SADC inali ndi Chingerezi, Chifalansa ndi Chipwitikizi, ndipo mu 2019 inaonjezera Chiswahili. African Union inachita chimodzimodzi mu 2022. Ntchito za m'mabungwe amenewa zikalengezedwa, pansi pamakhala kamzere konena kuti kudziwa chilankhulo china cha bungwelo ndi mwayi woonjezera. Mnzathu wa ku Cameroon kapena ku Rwanda kamzereko amakadutsa osaima. Mmalawi wa digiri yabwino amaima pomwepo.

Mu July 2023, Pulezidenti Samia Suluhu Hassan wa ku Tanzania atabwera kudzacheza, Lazarus Chakwera, amene ankatsogolera dziko lino, ananena kuti Chiswahili chiyambe kuphunzitsidwa m'sukulu zathu. Ganizo n'labwino. Koma aphunzitsi a Chiswahili sagwa kuchokera kumwamba. Amayamba ngati yaro amene walemba chilankhulocho pamzere wachinayi wa fomu yake, ndipo amafunika koleji yokhala ndi kalasi yoti alowemo.

Opita kunja alibe pothawira

Amene apeza mwayi wokaphunzira kunja amakumana ndi lamulo la chilankhulo maso ndi maso.

Chikhazikitsireni ubale ndi China kumapeto kwa 2007, achinyamata ambiri apita kumeneko pa sikolashipu. Amene pologalamu yawo imaphunzitsidwa m'Chitchaina amayamba ndi chaka chathunthu cha chilankhulo chokhachokha. Pamapeto pake pali mayeso a HSK, ndipo gawo lachinayi, limene mayunivesite ambiri amafuna, lakhala likufuna mawu pafupifupi 1,200. Tangoganizani mwana wa ku Ntchisi, m'nyengo yozizira imene sanaionepo, akuphunzira kulemba zilembo zimene sizifanana ndi chilichonse chimene anaphunzira, akudziwa kuti akalephera, uinjiniya umene anadzera sauyamba n'komwe. Amene anayambirako kuno ku Confucius Institute ya University of Malawi amafika katundu atapepukako.

Ku France mayunivesite ambiri amafuna satifiketi ya DELF pa mlingo wa B2, wachinayi pa milingo isanu ndi umodzi imene maiko a ku Ulaya amayezera chilankhulo. Ku Germany kuli mayeso awo, TestDaF kapena DSH, kwa amene akaphunzire m'Chijeremani.

Ku America zinthu zili mwina. Makoleji ambiri otchuka salola munthu kutenga digiri yoyamba asanaphunzire chilankhulo china, kaya akuchita masamu kaya zachuma. Ku Columbia University mu mzinda wa New York, woyambira pansi amafunika masemesita anayi. Ku Harvard ndi chaka chimodzi. Sabata yoyamba ophunzira amalemba mayeso owayeza kuti ayambire kalasi iti, ndipo wodziwa kale amadumpha makalasi ena kapena kumasulidwa kumene.

Apa Mmalawi ayenera kutsekula maso. Makoleji ena amamasula wophunzira amene angasonyeze kuti amawerenga ndi kulemba bwino chilankhulo china kupatula Chingerezi. Giredi ya Chichewa ya pa MSCE, imene ena ankaiona ngati yongodzazira mapointi, ndi pepala loyenera kupita nalo kwa mlangizi n'kufunsa. Akamasulidwa, nthawi imeneyo angaigwiritse ntchito pa phunziro lina. Kapena, chimene ine ndingamulimbikitse, atenge Chifalansa kapena Chipwitikizi mwa kufuna kwake, poti mwayi wa makalasi aang'ono ndi zipangizo zokwanira sudzabweranso.

Nanga zathu zomwe?

Pali phunziro lina limene makonti amalinyoza kuposa Chifalansa, osati chifukwa chovuta, koma chifukwa akuti n'lochititsa manyazi. Yaro akanena kuti watenga African Languages and Linguistics, anzake amamufunsa ngati anavutikira mapointi onse aja kuti adzaphunzire Chichewa.

Funso limeneli limandipweteka.

Mu 1937, katswiri wa ku America Mark Hanna Watkins anasindikiza buku la malamulo a Chichewa. Amene ankamuuza mmene chilankhulochi chimayendera anali wophunzira wa ku Nyasaland pa University of Chicago, Hastings Kamuzu Banda. Patapita zaka, Sam Mchombo anakaphunzitsa pa University of California ku Berkeley, ndipo kafukufuku wake pa kapangidwe ka ziganizo za Chichewa amawerengedwa ndi akatswiri a zilankhulo m'maiko ambiri. Ku Zomba komweko kuli Centre for Language Studies, imene inakhazikitsidwa mu 1996 m'malo mwa Chichewa Board, ndipo ndiyo inatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja.

Ntchito ilipo yambiri. M'makhoti athu milandu imalembedwa m'Chingerezi pomwe woimbidwa mlandu akulankhula Chiyao, Chisena kapena Chitumbuka, ndipo ufulu wake umadalira womasulira amene waima pakati. Uthenga wa kolera, wa katemera, wa namondwe amene akubwera, umapulumutsa anthu pokhapokha wamasuliridwa bwino. Mawailesi a m'madera achuluka, ndipo onse amafuna olemba nkhani odziwa chilankhulo cha omvera awo. Mwana wa ku Lilongwe amene adzagwire ntchito ya zaumoyo ku Rumphi adzafuna Chitumbuka tsiku loyamba lomwe.

Kulankhula chilankhulo kunyumba n'kosiyana ndi kuchidziwa mpaka kuchigwirira ntchito. Kusiyana kumeneko n'kumene kalasi imaphunzitsa.

Sindikunena kuti yaro aliyense atenge chilankhulo. Alipo amene mtima wawo uli pa mbiri yakale, pa zisudzo, pa masamu, ndipo ayenera kutsata zimenezo. Amene pologalamu yake yadzaza kale asadziunjikire katundu. Chimene ndikukana n'chakuti chisankho chachikulu chotere chizichitika pakhonde, m'mphindi zisanu, pa mawu a munthu amene naye anangouzidwa.

Makoleji angathe kuchitapo kanthu popanda ndalama zambiri. Sabata yolandira alendo imadzaza ndi malamulo a laibulale, a m'mahositelo ndi a zaumoyo, zonse zofunika. Koma ola limodzi loti dipatimenti iliyonse ifotokoze kumene maphunziro ake amathera lingasinthe zambiri. Yaro aliyense akanakhala ndi mphunzitsi mmodzi womulangiza, amene angakhale naye pansi asanasayine fomu. Makalasi a zilankhulo a oyamba kumene akanatsekulidwa kwa onse, wa sayansi ndi wa zamalonda yemwe, pa nthawi imene sikuwombana ndi maphunziro awo okakamiza. Ndipo dziko lozingidwa ndi Mozambique ndi Tanzania siliyenera kudikira kuti Chipwitikizi ndi Chiswahili ziziphunziridwa pa boda pokha.

Kwa iwe yaro, mphwanga, nawa mawu anga. Buku la malamulo a pologalamu yako uliwerenge lonse, makamaka masamba a chaka chachitatu ndi chachinayi, kuti uone chimene phunziro lililonse limatsekula. Ufunse tsiku lomaliza losinthira maphunziro, ndipo masiku amenewo usanafike ulowe m'makalasi angapo, umve wekha. Makonti uwamvere pa za malo ogona ndi kumene nsima ili yotchipa. Pa za maphunziro, funsa amene anamaliza zaka zisanu zapitazo kuti n'chiyani chikuwathandiza pantchito, n'chiyani akulakalaka akanatenga.

Ndipo inu makolo, azakhali ndi amalume amene mwana wanu dzina lake latuluka chaka chino, musathere pa kumugulira sutikesi ndi bulangete. Muimbireni foni sabata yoyambayo. Mufunseni maphunziro amene walemba ndi chifukwa chake, ndipo mumuuze kuti asanapereke fomu akagogode pachitseko cha mkulu wa dipatimenti, akafunse yekha.